Kuyenda pa kampa m'chigawo cha Tete osawiritsa injini ya dizilo

Kampa, galimoto yokhala ndi bedi, chitofu, firiji ndi thanki ya madzi m'kati mwake, imakhala yolemedwa nthawi zonse. Minibasi ikatsitsa anthu imapepuka, koma ikasandutsidwa kampa katundu wake satsikanso: matabwa a makabati, batire lachiwiri, silinda ya gasi, ndi madzi malita 80 omwe paokha ndi makilogalamu 80. Mzinda wa Tete, ku Mozambique, uli pansi m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Choipa n'chakuti pochoka m'chigwamo mumakwera. Msewu wa N7 wodzera ku Moatize umakwera mpaka ku Zóbuè, mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Mukapatukira pa Mussacama kulowa N304 mumakwerabe mpaka ku Ulónguè, ndipo wopita ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa amakumana ndi chitunda chokhotakhota chakumapeto. Katundu, dzuwa ndi chitunda zikakumana, chimene chimayamba kugonja ndi madzi a injini. Yambirani pamenepo.

Ladiyeta ndi zonse zoziziritsa

Ntchitoyi ichitike m'mawa injini isanalizidwe. Tsegulani chivindikiro cha ladiyeta muone madzi. Akhale odzadza mpaka pakhosi, a mtundu wobiriwira kapena wofiirira malinga ndi mankhwala omwe munathiramo. Akakhala ngati matope, m'kati mwachita dzimbiri: khutulani onse, tsukani ndi madzi oyera mpaka otulukawo ayere, kenako thirani antifilizi theka, madzi a batire (osungunula aja, osati asidi) theka. Ambiri amati antifilizi ndi wa kumayiko a chisanu. Ayi ndithu. Amachedwetsa madzi kuwira, amaletsa dzimbiri, ndiponso amateteza pampu ya madzi. Madzi a pamjigo ndi a mumtsinje amasiya nyansi zoyera zomwe zimatseka timapaipi ta ladiyeta pang'onopang'ono, ndipo vutolo limadzaonekera pachitunda. Pangozi thirani amene mwawapeza, koma mukafika mtauni muwakhutule.

Chivindikiro chenichenicho chimanyozedwa pachabe. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, mphamvu imene chimapanikizira madzi kuti asawire pa madigiri 100. Labala wake akang'aluka, madzi amawira msanga n'kumatayikira m'kabotolo ka pambali ngakhale ladiyeta ili bwinobwino. Gulani china cha nambala yomweyo. Finyaninso mapaipi awiri akuluakulu aja: lofewa kwambiri, lotupa pafupi ndi chomangira, kapena louma gwa, lichotsedwe ulendo usanayambe.

Kutsogolo kwa ladiyeta kumadzaza njere za udzu, tizilombo ndi fumbi, makamaka pampata wa pakati pa ladiyeta ndi kondensa ya eyakoni, pomwe maso safika. Unikani ndi tochi. Tsukani ndi paipi ya madzi osathamanga kwambiri, kuchokera mbali ya injini kupita kunja. Makina otsukira galimoto a mphamvu aja amapinda timalata ta ladiyeta, mphepo n'kulephera kudutsa.

Amakaniko ena akamva zoti injini ikutentha amathamangira kuchotsa themositati, kavavu kotsegulira madzi njira yopita ku ladiyeta injini ikafunda. Musalole. M'mainjini ambiri themositati ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi, motero ikachotsedwa madzi ena amangozungulira m'injini osafika ku ladiyeta. Komanso ku Angónia ndi ku Tsangano m'mawa wa Juni ndi Julayi kumazizira, injini yopanda themositati imachedwa kufunda n'kumadya dizilo wambiri. Ngati mukuikayikira, iviikeni m'poto wa madzi pamoto: itseguke madzi asanawire, pa nambala yolembedwa pa iyo, kawirikawiri 82 kapena 88.

Fani ya mainjini ngati a Land Cruiser ndi Hiace akale ili ndi kachipangizo ka mafuta pakati komwe kamaigwiritsa ikatentha. Zimitsani injini ili yotentha, zungulizani faniyo ndi dzanja. Izilimba. Ikangoti pyolololo yokha, yatha, ndipo ndi imene imachititsa kuti singano yoonetsa kutentha kwa injini izikwera pachitunda kapena pamzere wa malole n'kutsikanso mukathamanga. Lamba wa fani mukamudinikiza ndi chala chachikulu pakati alowe sentimita imodzi basi.

Kayendetsedwe

Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti zitunda muzimalize dzuwa lisanakwiye. Pokwera musakakamire giya yapamwamba injini ikulira mobanika. Tsitsani giya kuti izizungulira bwino, pakati pa maulendo 2,000 ndi 2,800 pa mphindi pa mainjini ambiri a kampa, chifukwa fani ndi pampu ya madzi zimathamanga mogwirizana ndi injini. Zimitsani eyakoni.

Singano ikadutsa pakati n'kumapitabe, yatsani hita ya m'kati mpaka pamapeto, mawindo ali otsegula. Mupsa, koma hitayo imachotsa kutentha kwina m'madzi. Imani pambali, injini isazime, muisiye izilira pang'ono mphindi zingapo kuti madzi azizungulira. Koma mukaona madzi akuchucha pansi kapena lamba waduka, zimitsani pompo. Chivindikiro musachikhudze mpaka patapita theka la ola kapena kupitirira, ndipo potsegula phimbani ndi chiguduli chokhuthala, tembenuzani pang'ono kuti nthunzi iyambe yatuluka. Kuthira madzi ozizira m'injini yotentha ndi komwe kumang'alula hedi, chitsulo chovundikira pamwamba pa masilinda. Zizindikiro zoti gasiketi ya pansi pa hedi yapsa kale ndi izi: thovu lotumphuka pakamwa pa ladiyeta injini ikulira, utsi woyera wosatha, madzi kuchepa popanda podontha, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Zikatero funani chokoka.

Injini ya tebo musaizimitse mutangofika pamwamba pa chitunda. Ilire mphindi ziwiri kapena zitatu, apo ayi oyilo amapserera m'kati mwa tebo. Potsika ku Songo kapena kuchokera ku Zóbuè gwiritsani giya yomwe munakwerera, popeza kampa yolemera ikadalira mabuleki okha amatentha n'kusiya kugwira.

Fumbi ndi oyilo

Ku Moatize kuli fumbi la malasha ndi la malole, ndipo misewu yambiri ya kumidzi ya ku Macanga, Marávia ndi Zumbo ndi yadothi. Mukayenda tsiku lathunthu m'fumbi, tulutsani fyuluta ya mpweya, igogodeni pang'ono ndi chikhatho, pukutani m'bokosi mwake ndi kansalu konyowa. Fyuluta ya pepala sachapa. Ngati mukuipopera mpweya, uchokere m'kati kupita kunja, ndipo usakhale wamphamvu. Kenako pisani chala m'paipi yochoka pafyuluta kupita ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi, fyulutayo yabooka kapena siinakhale bwino, ndipo dothilo likukwecha masilinda. Utsi wakuda ndi kuchepa mphamvu kawirikawiri zimayambira pomwepa.

Kuno oyilo sinthani pa makilomita 5,000 alionse pamodzi ndi fyuluta yake. Mainjini akale amayenda bwino ndi 15W-40 wa dizilo, pomwe atsopano amafuna amene walembedwa m'buku la galimoto. Yezani m'mawa uliwonse galimoto ili pamalo athyathyathya. Oyilo akamachuluka yekha n'kumanunkha dizilo, nozo (kachipangizo kopopera dizilo m'silinda) kapena pampu ya dizilo ikudonthetsera m'kati. Lamba wa taimingi ali ndi malire ake, pa mainjini ambiri pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000. Ngati simukudziwa tsiku lomwe anasinthidwa, sinthani, chifukwa akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Dizilo

Dzadzani thanki ku Tete, ku Moatize kapena ku Ulónguè, ndipo papampu onetsetsani kuti palembedwa gasóleo, osati gasolina. Pa N9 yopita ku Cassacatiza, m'malire a Zambia, ndi njira ya ku Fingoè malo omwetsera mafuta ndi otalikirana, choncho thanki ikafika theka thirani pomwe mwapeza pampu, ndipo nyamulani malita 20 apadera m'chigubu chachitsulo chomangidwa kunja kwa chipinda chogona.

Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu ndi wa pamavuto. Musanathire, tsanulirani pang'ono m'botolo loonekera, lisiyeni mphindi khumi. Madzi amakhazikika pansi, zinyalala zimaoneka. Wosakaniza ndi palafini amakhala wopyapyala ndipo fungo limamuulula. Ngozi yake ndi yakuti pampu ndi manozo zimatereretsedwa ndi dizilo yemweyo, ndiye palafini amazikwecha. Thirani kudzera pa fanelo yokhala ndi nsalu yoyera.

Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kampopi kotulutsira madzi. Ikani kachitini, masulani kampopiko kawiri kapena katatu, popani kabatani ka pamwamba pa fyuluta mpaka madzi atatha n'kuyamba kutuluka dizilo woyera, kenako mangani ndi dzanja, osati ndi pulayala, chifukwa ndi kapulasitiki. Chitani zimenezi nyali yake yochenjeza ya padashibodi ikayaka komanso mukathira mafuta okayikitsa. Galimoto ikamatsamwa pachitunda koma pamalo osalala ikuyenda, fyulutayo yatsekeka. Poika yatsopano pakani dizilo pa labala wake, imangeni ndi manja, masulani kabawuti kotulutsira mpweya ngati kalipo, popani mpaka thovu litatha ndipo kabatani kalimba. Lizani sitata masekondi 10 mpaka 15, ipumule mphindi imodzi, yesaninso. Pa injini yakale ikakanabe, masulani pang'ono manati a mapaipi awiri a pamanozo, lizani mpaka dizilo atafwefwenthera, mangani. Pa injini zamakono za common rail monga D-4D ya Toyota musayerekeze: m'mapaipimo dizilo amapanikizika kupitirira mabaa 1,000, amaboola khungu.

Usiku, mabatire ndi matayala

Firiji ndi magetsi a m'nyumba zikhale pa batire lachiwiri, lolumikizidwa kudzera pa rileyi yomwe imalekanitsa mabatire injini ikazima. Batire lodzadza limaonetsa mavoti 12.6, ndipo injini ikulira pazioneka 13.8 mpaka 14.4. Kutentha kwa m'chigwa kumaumitsa madzi a batire, choncho la zivindikiro muzilisuzumira sabata iliyonse. Musagone injini ikulira pofuna eyakoni: utsi umalowa m'chipinda anthu ali mtulo ndipo umapha mwakachetechete. Tsegulani mawindo okhala ndi neti, mangani masikito, tsekani gasi pasilinda. Kumudzi kaonekereni kwa amfumu musanaimike, ndipo m'mphepete mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa imikani patali ndi madzi, chifukwa mvuu zimatuluka usiku ndipo ng'ona zilipo.

Matayala akhale a katundu, okhala ndi chilembo C kapena LT. Mpweya yezani m'mawa ali ozizira, ndipo masana ukakwera musauphwetse. Manambala anayi a m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi likhoza kuphulika patala wotentha ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano.

M'bokosi la zida musasowe mafyuluta awiri a dizilo, imodzi ya mpweya, lamba wa fani, mapaipi onse awiri a ladiyeta ndi zomangira zake, chivindikiro chapadera, oyilo malita asanu, madzi osakaniza kale malita khumi, mafyuzi, waya, masipanala a 8 mpaka 19, jeke yonyamula kulemera kwa kampayo ndi thabwa loikapo pamchenga. Apolisi a pamsewu amafunsa matrayango awiri ndi chovala chonyezimira pamodzi ndi mapepala a galimoto, ndipo sungani mameticais m'thumba olipirira pamageti a mumsewu ndi pamlatho.