Momwe mungasamalire mtengo wa Khirisimasi wodula kuti usaume msanga

Ku Britain kuno, Disembala akangoyamba, mitengo yodula imadzaza pakhomo pa masitolo, ndipo ambiri timakopeka nayo n'kusiya ya pulasitiki ija. Pakatha milungu iwiri, timasamba tili mbwee pa kapeti, nthambi zazolika, Khirisimasi isanafike n'komwe. Nthawi zambiri wolakwa si wogulitsa ayi. Mtengowo wafa ndi ludzu.

Mtengo ukadulidwa umapitirizabe kukoka madzi kudzera pa bala la kutsinde, ngati duwa loikidwa m'botolo. Koma mitengo imeneyi ili ndi utomoni, ndipo balalo likakhala pamphepo maola 6 mpaka 8, utomoni umatseka njira zonse za madzi. Zikatero, ngakhale muuviike mu mgolo wodzaza, sumwa. Ntchito yonse yagona pamenepa: bala lisaume.

Yambani ndi kusankha bwino. Nordmann fir, wochokera kumapiri a Caucasus, ndi umene anthu amagula kwambiri kuno chifukwa timasamba take sitithothoka wamba. Norway spruce, mtundu umene mzinda wa Oslo wakhala ukupereka ku London chaka ndi chaka kuyambira 1947 kuti uimikidwe pa Trafalgar Square, umanunkhira bwino komanso ndi wotchipa, koma m'nyumba yofunda suchedwa kuyoyola. Mtundu uliwonse umene mwakonda, gwirani nthambi n'kupulula ndi dzanja, kenaka nyamulani mtengo wonse n'kuugunditsa pansi. Kugwa timasamba touma tam'kati si nkhani. Tikagwa tobiriwira, usiyeni, unadulidwa kalekale. Pewaninso uja wokhomeredwa pa chipika chathabwa. Umaima bwino, koma alibe pomwera.

Mukafika nawo kunyumba, tengani sowo muchekeko masentimita 2 kapena 3 kutsinde. Chekani mowongoka, osati mopendekera, ndipo musasongole tsinde pofuna kuti likwane mu sitandi, choimikapo mtengo chija. Madzi amayenda kwambiri m'mbali, pansi pa khungwa penipenipo, ndiye mukasenda pamenepo mwaudula pakhosi. Kuboola pakati pa tsinde, kumene ena amalimbikira, sikuthandiza kalikonse. Ogulitsa ambiri amakuchekerani mukawapempha, koma zimenezo zili bwino ngati mukupita kunyumba nthawi yomweyo.

Mukangocheka, uikeni m'madzi. Ngati simunakonzeke kuulowetsa, uimikeni m'ndowa panja pamthunzi, posawomba mphepo.

Sitandi ikhale yokhala ndi mbale yaikulu. Akadaulo a mitengoyi amawerengera kuti pa masentimita 2.5 aliwonse a kunenepa kwa tsinde, kuyeza modutsa pakati, mtengo ungamwe pafupifupi lita imodzi patsiku. Tsinde la masentimita 10 likufunika mbale yolowa malita 4. Timasitandi tokongola tolowa kapu ziwiri tija ndi tongoonetsera.

Mlungu woyamba mtengo umamwa modabwitsa, choncho yang'anani m'mawa ndi madzulo. Apa m'pamene ambiri amapusitsika: amasuzumira, n'kuona madzi akunyezimira pansi pa mbale, n'kumati zili bwino. Koma m'masitandi ambiri tsinde limakhala pa msomali kapena pa kachitsulo, silifika pansi penipeni. Madzi angaoneke pamene bala lili pamtunda, likuuma. Gwadani, pisani dzanja pansi pa nthambi, mukhudze tsinde ndi chala mpaka mumve kuti lamira. Kuthira sikophweka mtengo ukakongoletsedwa kale. Kakheni kothirira ka mlomo wautali kapena kapaipi kokhala ndi fanelo kamakupulumutsani kukwawa.

Bala likauma chifukwa mwaiwala, mankhwala ake ndi amodzi okha: kutsitsa zokongoletsa, kuchotsa mtengo n'kuchekanso. Ndani angafune ntchito imeneyo pa 23 Disembala?

Nanga muthiremo chiyani? Madzi apampopi basi. Za shuga, asipulini, zakumwa zozizilitsa kukhosi kapena jiki ndi nkhambakamwa chabe, ndipo ngati muli ndi galu kapena mphaka, dziwani kuti adzamwako m'mbalemo. Madzi akhale ofunda kaya ozizira, mtengo sulabadira.

Mdani wina ndi kutentha. Ife tinakulira padzuwa timakonda kukweza radiator, chitsulo chotenthetsa nyumba chija, mpaka nyumba kumveka ngati Nsanje mu Okutobala, koma mtengo uwu ndi wa kozizira. Uikeni kutali ndi radiator, mbaula ndiponso moto. Ngati nyumba yanu imatenthetsedwa kuchokera pansi, zimitsani chigawo chimene mtengo waimapo. Timagetsi ta LED sititentha ngati timababu takale, komabe tizimitseni pogona kapena pochoka. Mtengo wouma ukagwira moto umayaka wonse m'masekondi ochepa, pamene wothiriridwa bwino umavuta kuyaka.

Ukasamalidwa chonchi, Nordmann amatha milungu inayi akadali wobiriwira, n'chifukwa chake kugula mu Novembala n'kudzivutitsa. Kumwa kukamachepa pakapita masiku musadabwe. Koma mukaona kuti madzi sakutsikanso, ndipo kasamba mukakapinda kakuthyoka m'malo mopindika, mtengowo watha, utulutseni. Anthu ambiri kuno amatsitsa zokongoletsa pa 5 kapena 6 Januwale, ndipo makhonsolo ambiri amatolera mitengoyi kapena kutchula malo okaisiya kuti igayidwe. Onani tsiku la dera lanu pa intaneti, ndipo musanautulutse chotsani mawaya ndi zonyezimira zonse.