Makwerero a osewera basiketi a ku Serbia, ndi mmene mwana wa ku Tete angawakwerere

Serbia ili ndi anthu osakwana 7 miliyoni, koma osewera ake a basiketi ali mbwee m'maligi a ku Spain, Turkey, Greece, Italy mpaka ku NBA, ligi yaikulu ya ku America. Achinyamata amene amaponya mpira pa mabwalo a simenti ku Ulongué, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete amamudziwa bwino Nikola Jokić, katswiri wa ku Serbia wa mu NBA, kungoti ambiri amadziwa kumapeto kwa nkhani yake kokha. Wosewera, kochi ndi makolo ayenera kuyang'ana poyambira, chifukwa amene zinawayendera kunja anapita kumene akapatsidwe mpata wosewera, kutchuka kwa dzina la timu kunkabwera pambuyo.

Jokić anabadwira ku Sombor mu 1995 ndipo anakulira m'timu ya Mega. Denver Nuggets itamusankha pa nambala 41 mu draft ya 2014 (mwambo umene matimu a NBA amasankhirapo osewera atsopano), sananyamuke pompo. Anatsala chaka china akusewera ndi akuluakulu m'ligi ya ABA ya matimu a ku Serbia ndi mayiko oyandikana nayo, ndipo anafika ku Denver mu 2015 atakhwima kale. Bogdan Bogdanović anasankhidwa chaka chomwecho pa nambala 27, koma anachoka ku Partizan kupita ku Fenerbahçe ya ku Istanbul, n'kutenga chikho cha EuroLeague (mpikisano wa matimu akuluakulu a ku Ulaya) mu 2017 pansi pa kochi Željko Obradović, kenako n'kupita ku Sacramento, timu ya mu NBA. Nayenso Vasilije Micić, amene zinamuvuta ku Bayern Munich ali wamng'ono, anayamba wabwerera m'munsi, kudutsa ku Tofaş ndi Žalgiris, asanatenge EuroLeague kawiri ndi Anadolu Efes mu 2021 ndi 2022. Tsono taonani Darko Miličić. Detroit inamutenga pa nambala 2 mu 2003 ali ndi zaka 18, n'kumupeza malo m'timu yodzaza kale ndi akatswiri, imene inatenga chikho mu 2004. Zaka zoti akule nazo anazithera pa benchi.

Kwa wa ku Tete makwerero ake ndi awa: timu ya sukulu, mipikisano ya chigawo ndi masewera a sukulu a dziko lonse, kenako timu ya ku Beira kapena ku Maputo. Musaderere sitepe imeneyi. Ferroviário de Maputo inasewera mu Basketball Africa League, mpikisano wa matimu a mu Africa, mu 2021, Ferroviário da Beira inatsatira mu 2022, ndipo ofufuza osewera amaonera masewera amenewo. Mukadutsa apo, Angola ndi Portugal ndi zapafupi chifukwa Chipwitikizi mumachidziwa kale. Atsikana ali ndi umboni wawo: Clarisse Machanguana anachoka kuno ku Mozambique, n'kusewera pa yunivesite ya Old Dominion ku America mpaka kufika mu WNBA, ligi ya akazi ya kumeneko.

Chimene makochi a ku Serbia amatchuka nacho n'chakuti mwana aliyense, ngakhale wamtali kuposa anzake onse, amaphunzira kudunda mpira, kupatsira ndi kuponya chapatali. Kuno timalakwitsa pomuimika wamtali pansi pa ring'i kuti azingotola mipira. Akafika kunja amapeza kuti mamita 1.95, amene kwathu anali chiphona, kumeneko ndi msinkhu wa wosewera wa m'mbali, ndipo iye sadziwa kudunda ndi dzanja lamanzere. Tsiku lililonse patulani mphindi 15 za dzanja lofooka lokha, kenako kupatsira pakhoma ndi manja onse awiri, kenako kuponya. Werengani mipira yolowa, osati yoponyedwa, ndipo muzilemba m'kope.

Yezani bwalo lanu ndi tepi. Ring'i iyenera kukhala mamita 3.05 kuchoka pansi, mzere wa mapointi atatu mamita 6.75 kuchoka pa ring'i, ndipo mpira wa amuna ndi saizi 7, wa akazi saizi 6. Maring'i owotcherera kwa amisiri nthawi zambiri amawerama kutsogolo chifukwa cha ana okolekera pamenepo, ndipo amene wazolowera ring'i yotsika amakaponya mipira yoperewera pa bwalo lenileni. Simenti nayo imadya mawondo. Ululu wa pansi penipeni pa chivundikiro cha bondo umabwera chifukwa chodumpha kwambiri pamalo olimba ndi nsapato zotha, choncho masiku odumpha asamatsatizane. Mumzinda wa Tete, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye zolimbitsa thupi zikhale m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili pambali. A ku Angónia ndi Tsangano nyengo inawakondera, chifukwa kwawo n'kozizira.

Timu yakunja imayamba yakuonani pa vidiyo. Ojambula aime pakati pa bwalo pamalo okwera, foni itagona chopingasa, ajambule masewera onse osadula. Kavidiyo ka mipira yolowa yokhayokha makochi sakakhulupirira, amafuna kuona mmene mumatchingira, mmene mumathamangira kubwerera mukataya mpira, ndi nkhope yanu kochi akakutulutsani. Tumizani masewera awiri kapena atatu, mutchule nambala ya jezi, msinkhu wanu opanda nsapato, kutalika kwa manja mutatambasula, ndi tsiku lobadwa.

Pa tsiku lobadwa m'pamene ambiri amagwera. Kalata yakubadwa, BI (chitupa cha unzika), pasipoti yochokera ku SENAMI (ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko) ndi khadi la ku Federação Moçambicana de Basquetebol (bungwe la basiketi la Mozambique) zonse zinene dzina limodzi ndi tsiku limodzi. Ana a m'malire amene anaphunzirako ku Dedza kapena ku Ntcheu nthawi zina amakhala ndi mapepala awiri osiyana kalembedwe ka dzina. Konzani zimenezo kusanabwere mwayi. Kuchepetsa zaka musayese n'komwe, zikadziwika mumaletsedwa kusewera.

Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basiketi padziko lonse, salola kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zapadera zimene FIBA yomweyo imayamba yaunika. Wamkulu amafunika kalata yomumasula, imene imatchedwa letter of clearance: bungwe la basiketi la dziko limene mukupita limaipempha kwa la kwanu, ndipo singatuluke ngati mudakali ndi kontrakiti ndi timu yakale. Popanda kalatayi mudzachita nawo mapulakatisi koma simudzalowa m'bwalo.

Ejenti akhale ndi laisensi ya FIBA, ndipo dzina lake mukhoza kulifufuza pa intaneti. Malipiro ake kawirikawiri amakhala 10 peresenti ya kontrakiti, ndipo amabwera kontrakitiyo ikasainidwa. Munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akuti mutumize ndalama pa M-Pesa za viza ndi za mayeso ku Ulaya ndi wakuba, ngakhale atakutumizirani kalata yokhala ndi chidindo. Makolo, musagulitse ng'ombe chifukwa cha kalata yotere. Imbani foni ku timu yotchulidwayo pa nambala imene mwaipeza nokha.

Kontrakiti ikabwera, muwerenge ndi munthu wodziwa malamulo musanasaine. Inene ndalama imene mulandire msonkho utachotsedwa kale, tsiku lolandira mwezi uliwonse, ndi miyezi ingati, popeza matimu ambiri a ku Ulaya amalipira miyezi 10 yokha ndipo iwiri yotsalayo mumadya zimene munasunga. Inenenso za nyumba, tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera, inshuwalansi, ndiponso kuti mukavulala malipiro sakuima. Pemphani ndime yokulolani kuchoka ngati malipiro achedwa masiku 30. Ndime ina yosayenera kusowa ndi yonena kuti mikangano idzaweruzidwa ndi Basketball Arbitral Tribunal ya ku Geneva, khoti la milandu ya basiketi. Ngati mulibe, mlandu wanu ukathera m'makhoti a dziko lachilendo, m'chinenero chimene simuchimva.

Funso lomaliza musanakwere ndege lipite kwa kochi mwiniwake, osati kwa ejenti: pamalo anga pali osewera angati, ndipo ligi imalola alendo angati m'bwalo nthawi imodzi? Ngati ali kale atatu pamalo anu, tengani timu yaing'ono imene ikupatseni mphindi 20 pa masewera aliwonse, ndipo musaine chaka chimodzi chokha.