Pampu ya maginito ikasiya kukankha madzi otentha, musathamangire kugula mota

Mwezi wa Novembala ndinaitanidwa ku Moatize pamalo ena otsukira mabotolo. Pampu yawo, ija anzathu amati bomba, mota ikulira bwinobwino koma madzi osatuluka ngakhale dontho. Mwini malo anali atatuma kale mnyamata kukafunsa mtengo wa mota yatsopano ku Tete. Ndinati, "Bambo, taimani kaye, zimitsani."

Kuzimitsako ndiye choyamba. Pampu imeneyi ilibe chitsulo cholumikiza mota ndi impeller, kagudumu kamapiko kokankha madzi kaja. Mota imazunguza maginito akunja, iwo n'kukoka maginito am'kati podutsa khoma lotseka, n'chifukwa chake siidontha. Koma katundu akalemera maginitowo amatayana, mota n'kumazungulira yokha. Sagwirananso mpaka mota itaimiratu. Mukaisiya ikulira choncho m'kati mumatentha, maginito n'kufooka osabwereranso mphamvu. Ngati muli ndi mita, yezani magetsi amene mota ikudya. Akatsika kwambiri, dziwani kuti ikuzungulira yopanda ntchito.

Mukayatsanso, tcherani khutu. Mukamva ngati m'kati mwalowa timiyala, khoro khoro, ndiye kuti madzi akuwira pakamwa pa pampu. Pamalo pokokera madzipo mphamvu yopanikiza imachepa, ndiye madzi otentha amasanduka nthunzi asanafike madigiri 100. Kwathu ku Ulongwe, poti n'kumtunda, amawira msanga kuposa kuno kuchigwa cha Zambezi. Ku Moatize kuja vuto linali lomweli: wina anatseka theka valavu yolowetsera madzi kuti achepetse liwiro. Chonde, valavu yolowetsera izikhala yotsegula yonse. Mukafuna kuchepetsa madzi, gwirani yotulutsira. Pampu ikhale pansi pa thanki, paipi yolowetsera ikhale yaifupi, yotakata, yopanda makona ambiri, ndipo sefa muziitsuka.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona pampu ikuyendetsedwa youma. Mabushi ake, timphete tija impeller imazungulirapo, a kaboni kapena seramiki, mafuta awo ndi madzi omwewo akudutsa. Mphindi zochepa chabe opanda madzi, apsa. Zambiri mwa pampuzi sizidzikokera madzi zokha, choncho idzazeni kaye, mutulutse mpweya, ndiye muyatse. Ndipo ikatentha chifukwa chouma musaithire madzi ozizira. Seramiki imang'aluka ngati mbiya yochotsedwa pamoto n'kuviikidwa mumtsinje. Ilekeni izizire yokha.

Zikakanikabe, chotsani magetsi, tsekani mavalavu onse awiri, khuthulani madzi atazizira, ndiye mumasule. Wotchi ndi foni ikani patali, zala muzisamale, maginito ake amaluma. Tsiku lija ndinapeza tizidutswa tadzimbiri titamatirira pa maginito am'kati ngati ndevu zakuda, titakanda khoma lotseka. Ndinapukuta ndi nsalu, n'kuyesa bushi ngati ikugwedera.

Werenganinso kachikwangwani ka pa pampu. Maginito wamba a neodymium amayamba kufooka akapitirira madigiri 80, ndipo thupi la pampu lapulasitiki ya polypropylene nalonso malire ake ali chapomwepo. A samarium cobalt ndiwo amapirira kutentha kwakukulu. Ngati mota ndi ya mafezi atatu, ija yolowa mawaya amoto atatu, ndipo madzi akubwera ofooka chichokereni pokonza mawaya, mwina ikuzungulira chobwerera. Sinthanitsani mawaya awiri.

Mota ya bambo aja ikugwirabe ntchito. Tinangosintha bushi imodzi n'kumangirira waya pa valavu yolowetsera kuti asaigwirenso.