Musanalipire TV ya mpira, fufuzani amene ali ndi ufulu woulutsa

Musanalipire dishi, kebulo kapena pulogalamu ya pa intaneti, yambani mwalemba mipikisano imene simungalole kuiphonya. Kenako fufuzani kampani imene inagula ufulu woiulutsa m'dziko mwanu. Ufulu umenewu amaugulitsa dziko ndi dziko kapena chigawo ndi chigawo, kwa zaka zingapo basi. Premier League imaonetsedwa ndi SuperSport m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndi NBC ku America, ndipo ku Britain ndi Sky Sports ndi TNT Sports. Champions League ndi ya UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, ndipo imagulitsidwa payokha, choncho osangoganiza kuti amene ali ndi ligi ali nayonso. Funsaninso kuti mpikisano wanu uli m'phukusi liti, poti masewero akuluakulu amakonda kuwaika m'phukusi lokwera mtengo.

Dishi imagwira ngakhale kutali kumene kulibe intaneti, koma mvula yamphamvu imadula chithunzi. Kebulo siivutika kwenikweni ndi mvula, kungoti imapezeka kokha kumene mawaya anadutsa.

Pa intaneti mpamene ndikufuna musamale kwambiri. Chithunzi cha HD chimatha kudya data yokwana 3GB pa ola limodzi, ndipo masewero amodzi pamodzi ndi nthawi yopuma amatenga pafupifupi maola awiri. Chithunzicho chimachedwanso: anzanu a dishi amakuwa chigoli, kwa inu mpira ukadali pakati pa bwalo. Mukasankha njirayi, zimitsani mauthenga a zotsatira pafoni, ndipo lipirani kaye mwezi umodzi muone ngati netiweki yanu ikupirira masewero akafika pachimake. Dziwaninso kuti mukatuluka m'dziko, akaunti yomweyo ingakane kukuonetsani mpirawo.