Momwe mungaphunzitsire mbiri ya dziko lonse ya zaka za 500 mpaka 1750 ndi chingwe cha pakhoma

Mwana wa zaka 12 kapena 13 amatha kuloweza kuti Mansa Musa, mfumu ya Mali, anapita ku Mecca mu 1324, koma mukamufunsa ngati mfumuyi ikanatha kukumana ndi Mpwitikizi woyenda panyanja Vasco da Gama, amangoti kakasi. Kwa iye zonsezi ndi "kalekale" basi. Mabuku nawo amawonjezera vutoli, chifukwa mutu wina ndi wa Ulaya, wina wa Mali, wina wa China, ngati kuti maikowa ankadikirana kuti lina limalize kaye. Chingwe choyezedwa bwino, chomwe sentimita imodzi ikuimira chaka chimodzi, chimathetsa zimenezi kwa ana a Sitandade 7 mpaka Fomu 2, ndipo zipangizo zake zambiri ndi za TALULAR, kutanthauza zophunzitsira zopezeka m'dera lathu lomwe.

Zofunika kupeza

Kuchokera 500 kufika 1750 pali zaka 1,250, ndiye chingwe chogwira ntchito ndi mamita 12 ndi theka. Gulani mamita 14 kuti patsale zomangira. Pitani ndi tepi yanu kumsika. Ogulitsa ena amayeza ndi mkono, kuchokera pamphuno kufika kunsonga ya zala, n'kumati ndi mita, ndipo mukafika kusukulu mupeza kuti mwaperewera kwambiri. Chingwe choyanikapo zovala cha nayiloni chimatamuka, cha khonje chimafupika chikanyowa. Chilichonse mwa izi chigwira ntchito mukatsatira za misomali zili m'munsimu.

Mufunikanso misomali ya konkire 14, tepi yachitsulo ya amisiri omanga, ulusi wa thonje, mapegi, mapepala olimba ndi zolembera matchati. Tepi ya atelala ayi: ndi ya masentimita 150 okha, ndipo ikakalamba imatalika. Mapepala a manila adula masiku ano, koma makatoni opyapyala a sopo kapena a bisiketi ochokera ku golosale amachita bwino mukamatapo pepala loyera. Zolembera muziyesa pomwepo musanalipire, chifukwa za m'mbali mwa msewu zambiri zimakhala zitauma kale. Kwa telala pemphani tizidutswa ta nsalu totsala, tamitundu inayi.

Kukhoma misomali ndi kuyeza

Apa ndi pomwe ntchito yonse imakomera kapena kuwonongekera, ndiye musapupulume.

Ambiri amayala chingwe pansi, n'kulemba zaka ndi cholembera, kenako n'kuchikoka pakhoma. Chikakokedwa chimatamuka, ndipo sichitamuka mofanana paliponse. Pakati chimagwa ngati uta. Makadi akachuluka mbali ya 1400 mpaka 1600 amachikokera pansi, zizindikiro zonse n'kusuntha. Pamapeto pake 1492 imapezeka pamene pamayenera kukhala 1510, ndipo mwana wochenjera akayeza ndi rula yake aona kuti aphunzitsi alakwitsa.

Muyeso uzikhala pakhoma, osati pachingwe. Jambulani mzere wa choko pamtunda wa masentimita 190 kuchokera pansi. Khomani msomali woyamba, umenewo ndi chaka cha 500. Yezani masentimita 100 ndi tepi yachitsulo, khomani wina, ndiwo 600. Pitirizani choncho mpaka 1700, yomwe ndi msomali wa 13, ndipo wa 14 ukhale masentimita 50 patsogolo, pa 1750. Tepi ikhale yokoledwa pamsomali woyamba mpaka itatha, osati kumaisuntha mita iliyonse, chifukwa kaphonyedwe ka theka la sentimita kakabwerezedwa kakhumi kamasanduka zaka zisanu. Mukatero kokani chingwe, n'kuchizunguliza kamodzi pamsomali uliwonse. Tsopano sichingagwenso, ndipo chikatamuka vuto limathera pakati pa misomali iwiri yokha. Pamwamba pa msomali uliwonse lembani chaka chake ndi manambala aakulu.

Makalasi ambiri alibe khoma la mamita 12 ndi theka, ndiye chingwe chidzakhota pakona. Konayo igwere pa 1100: khoma lina litenge mamita 6, linalo mamita 6 ndi theka. Ikagwera cha m'ma 1300 kapena 1500 mwadzipweteka, poti ndi pomwe makadi amadzadzana. Musayesenso kufupikitsa muyeso kuti sentimita imodzi iimire zaka ziwiri pofuna kukwanitsa khoma limodzi. Taonani zaka izi: 1492 Columbus afika ku zilumba za Caribbean, 1498 Vasco da Gama afika ku Calicut ku India, 1505 Apwitikizi alanda mzinda wa Kilwa kugombe la kum'mawa kwa Africa, 1517 Martin Luther atsutsa zochita za tchalitchi cha Roma, 1521 Tenochtitlan, likulu la Aaziteki ku Mexico, igwa m'manja mwa Hernán Cortés, 1526 Babur apambana nkhondo ya Panipat n'kuyambitsa ufumu wa Mughal ku India. Zonse zisanu ndi chimodzi zili m'masentimita 34. Mukafupikitsa zidzakhala m'masentimita 17, ndipo kuwerengera kudzafuna kugawa ndi 2, komwe theka la kalasi lidzasochera.

Ndi muyeso wa chaka pa sentimita, mwana safunanso kuchotsera manambala aakulu. Pofuna 1324 amapita pamsomali wa 1300, n'kuyeza masentimita 24 ndi rula ya m'chikwama mwake. Pofuna 1258, chaka chomwe Amongolo anawononga Baghdad, amayamba pa 1200 n'kuyeza 58, kapena kubwerera m'mbuyo masentimita 42 kuchokera pa 1300. Asanapachike kalikonse, aliyense ayeze zaka zake zakubadwa pachingwepo. Zaka 13 sizifika ndi theka lomwe la rula, pomwe chingwe chazungulira makoma awiri. Kenako afunseni kuti 1964 ikanakhala pati. Yankho ndi masentimita 214 kupitirira msomali womaliza, mwina kunja kwa chitseko.

Pomwepa konzeranitu chisokonezo china. Buku likanena za zaka zana la 14, likunena 1301 mpaka 1400, osati za m'ma 1400. Ana akhudze msomali wa 1300 ndi wa 1400, anene kuti mpata umenewo ndiwo zana la 14. Bwerezani ndi mipata itatu kapena inayi, tsiku lomwelo.

Makadi ndi mizere inayi

Pepala la A4 lidulidwe pasanu ndi patatu, khadi lililonse likhala pafupifupi masentimita 7.4 m'lifupi ndi 10.5 m'litali. Lipachikeni choimirira. Kutsogolo kukhale chaka ndi mawu osapitirira asanu ndi limodzi, zina zonse kuseri. Pegi ikhale pachaka chenichenicho, ndipo khadi lilendewere pa ulusi: masentimita 10 kwa Africa, 25 kwa Asia, 40 kwa Ulaya, 55 kwa America. Motero makadi sabisana, ndipo mwana akaima pachaka chimodzi n'kuyang'ana kuchokera pamwamba kutsika pansi, aona zimene zinkachitika kumadera onse nthawi imodzi. Ena adzagundanabe. Khadi la 1453, pamene Mehmed II analanda Constantinople, ndi la cha m'ma 1455, pamene Gutenberg anasindikiza Baibulo ku Mainz, atalikirana masentimita awiri okha. Limodzi mulilumikize kunsi kwa linzake.

Makadi 30 akwanira teremu yonse. Musawapachike onse tsiku limodzi, aziwonjezeka mukamaphunzitsa. Yambani ndi 622, ulendo wa Mtumiki Muhammad wochoka ku Mecca kupita ku Medina, 762 kumangidwa kwa Baghdad, 800 kuvekedwa ufumu kwa Charlemagne, 1206 Genghis Khan kukhala mtsogoleri wa Amongolo onse, 1215 Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu ya England. Maufumu okhalitsa safuna khadi, amafuna nsalu. Mzera wa mafumu a Tang ku China, 618 mpaka 907, ndi kansalu kotalika masentimita 289. Great Zimbabwe, pafupifupi 1100 mpaka 1450, ndi masentimita 350, ndipo kumapeto kwake muzisiya kothothoka kuti ana adziwe kuti zaka zimenezi ndi zoyerekeza za akatswiri ofukula zakale, si zolembedwa m'kaundula.

Mbali ya America isakhale yopanda kanthu mpaka 1492. Ikani Tenochtitlan pa 1325 ndi ufumu wa Inca m'zaka za m'ma 1400, apo ayi ana adzaganiza kuti anthu kumeneko anayamba ndi Columbus.

Kuphunzitsa nacho

Phunziro lomwe limagwira ana kwambiri ndi la pakati pa 1320 ndi 1350, masentimita 30 okha, rula imodzi. Mu 1324 Mansa Musa wa ku Mali anadutsa ku Cairo ndi golide wochuluka, ndipo al-Umari, yemwe analemba za ulendowu patapita zaka zoposa khumi, anati mtengo wa golide kumeneko unali usanabwerere mwakale. Mu 1325 Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco, ananyamuka kwawo ku Tangier, ndipo mu 1331 anafika ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania wa lero, n'kuutama kuti ndi umodzi mwa mizinda yokongola kwambiri. Chuma cha Kilwa chinkachokera ku golide wa kumtunda kwa Zimbabwe wodzera pa Sofala, ndipo ku Great Zimbabwe kunapezeka ndalama yachitsulo ya ku Kilwa komanso zidutswa za mbale za ku China. Kenaka 1347 mpaka 1351, mliri woyenda ndi utitiri wa makoswe unatsata njira zamalonda, n'kupha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso kuposa apo. Munthu mmodzi akanatha kukhala ndi moyo pa zonsezi.

Gawani ana m'magulu, gulu lililonse litenge makadi awiri, liyeze mpata wake, n'kuyankha ngati anthu awiriwo akanatha kukumana, ndipo ngati ayi, pali mibadwo ingati pakati pawo, mutatenga zaka 25 ngati m'badwo umodzi. Mansa Musa ndi Vasco da Gama atalikirana masentimita 174, pafupifupi mibadwo isanu ndi iwiri. Zheng He, yemwe anatsogolera maulendo asanu ndi awiri a zombo za China pakati pa 1405 ndi 1433 mpaka kufika kugombe la kum'mawa kwa Africa, anatsogola Apwitikizi pa nyanja imeneyi ndi zaka zoposa 60. Nkhani ya kadyansonga wa ku Malindi yemwe anakafika kwa mfumu ya China ana saiwala. Kalasi ikakhala ya ana 80 kapena kuposa, kukhoma kuzipita awiri okha pagulu, ena azilemba mayankho. Onse akadzuka nthawi imodzi mapegi amathothoka ndipo piriyodi ya mphindi 40 imathera kutolera makadi.

Chenjerani ndi zotenga pa intaneti. Manambala a madola omwe amati ndiwo chuma cha Mansa Musa alibe maziko, palibe anawerengera. Chithunzi chake chodziwika, atanyamula golide m'manja, chili pa mapu otchedwa Catalan Atlas a 1375, ojambulidwa iye atamwalira kale ndi munthu yemwe sanamuonepo. Auzeni ana zimenezi, ndipo afunseni chifukwa chomwe wojambula wa ku Majorca anaikira mfumu ya Mali pa mapu ake. Kusindikiza chithunzi chimodzi chamitundu n'kokwanira, chiziyenda m'magulu chili m'pulasitiki.

Kwathu kuno kumalowa m'nkhaniyi popanda kukakamiza. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Mu 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro anayenda pansi kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa kudutsa m'dziko la Amaravi, ndipo analandiridwa ndi mfumu Muzura. Khadi limenelo ndi masentimita 16 kuchokera pamsomali wa 1600, pamzere wa Africa. Funso lina labwino ndi lakuti anthu a kuno ankadya nsima yanji mu 1400. Chimanga ndi cha ku Mexico, chinangwa ndi mtedza ndi za ku South America, zonse zinawoloka nyanja pambuyo pa 1492. Yankho ndi mapira ndi mawere. Maulendo omwewo owoloka nyanja anapititsa nthomba ku America ndi kuyambitsa malonda a akapolo owoloka nyanja ya Atlantic, ndipo mbali imeneyi isadumphidwe.

Mapu ndi mayeso

Mapu ajambulidwe pansi ndi choko, kapena panja ndi phulusa, osafuna kukongoletsa: gombe la Africa, Arabia, India, China. Mapu ogulitsidwa m'misewu ena ndi akale moti alibe South Sudan, koma pa ntchito iyi malire a lero safunika. Chofunika ndi mphepo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi imawomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, n'kubweretsa ngalawa za matanga kuchokera ku Arabia ndi India. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala imatembenuka, n'kuzibweza. Da Gama anawoloka kuchokera ku Malindi kupita ku India osakwana mwezi, koma pobwerera analimbana ndi mphepo pafupifupi miyezi itatu, anthu ake ambiri n'kufera panyanja. Ana ayende pamapupo atanyamula mikanda, kansalu ndi timiyala toimira golide, mmodzi akhale mphepo wonena nthawi yonyamuka.

Poyesa ana, chotsani makadi 10, muwasakanize, aabwezeretse okha ndi rula, ndipo aliyense alembe ziganizo zitatu zolumikiza makadi awiri a mizere yosiyana. Teremu ikatha chotsani chingwe ndi makadi, musunge mu envulopu zinayi motsata mizere, pamalo posafika chiswe. Misomali isiyeni pakhoma, muyeso wake udzagwiranso ntchito chaka chamawa.