Mmene mungasankhire ndi kuwerengera mabuku a mbiri ya likulu la dziko ndi malo ake otchuka

Mabuku onena za likulu la dziko amakhala ochuluka kwambiri, chifukwa boma, akatswiri a mbiri, andale ndi amalonda okopa alendo onse amakhala ndi chonena pa mzindawo. Kuchulukako ndi kumene kumasokoneza wowerenga. Munthu angathe kugula buku lalikulu la zithunzi zokongola za Washington, Paris kapena Abuja, kuliwerenga mpaka kumapeto, koma osadziwa chifukwa chimene mzindawo unamangidwira pamene ulipo, kapena kumene anapita anthu amene ankakhala pamalopo kale. Njira imene ndikulongosola pano yagona pa mfundo yakuti buku lililonse limafotokoza mzinda monga unalili m'chaka chimene linalembedwa, ndiponso monga ankauonera wolembayo kapena amene analipira kuti lisindikizidwe.

Yambani ndi tsamba limene ambiri amalidumpha

Musanawerenge mutu woyamba, tsegulani tsamba lakuseri kwa dzina la buku, pamene pamalembedwa chaka chosindikizira ndi dzina la osindikiza. Onetsetsani ngati bukulo linakonzedwanso kapena linangosindikizidwanso, pakuti ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Buku longosindikizidwanso limabwera ndi chikuto chatsopano ndi chaka chatsopano, koma mawu a mkatimo amakhala omwe aja a zaka makumi atatu zapitazo.

Chaka n'chofunika chonchi chifukwa malikulu ena amasintha mayina, popeza nthawi zambiri boma latsopano limafuna kusiya chizindikiro chake pamene lili. Léopoldville inasanduka Kinshasa mu 1966, Lourenço Marques inasanduka Maputo mu 1976, ndipo Salisbury inasanduka Harare mu 1982. Misewu nayo inatsatira. Amene wanyamula buku lakale la Salisbury adzasaka Jameson Avenue ndi Cecil Square osazipeza, chikhalirecho waima pa Samora Machel Avenue kapena pa Africa Unity Square. Likulu la Kazakhstan linasinthidwa dzina kuchoka pa Astana kukhala Nur-Sultan mu 2019, kenaka n'kubwezeredwa dzina lakale lija mu 2022, kotero kuti buku la mu 2020 n'lotsalira pa nkhani imeneyi kuposa la mu 2015. Izi sizikutanthauza kuti buku lakale litayidwe. Nthawi zambiri ndi limene limakhala lokoma, malinga mukuliwerenga monga umboni wa nthawi yake.

Dzina la osindikiza nalonso limanena zambiri. Buku lotulutsidwa ndi boma pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, kapena pokumbukira zaka 50 kapena 100 za mzinda, limakhala ndi zithunzi zosowa komanso madeti odalirika a tsiku lotsegulira nyumba zikuluzikulu, koma silinena za anthu amene anasamutsidwa kapena za ndalama zimene zinasowa. Lochokera ku yunivesite limatchula magwero ake ndipo limavomereza pamene akatswiri akutsutsana, ngakhale kuti nthawi zina limalemera kuwerenga. Lolembedwa m'nthawi ya atsamunda limalongosola mwatsatanetsatane madera amene munkakhala azungu, n'kungotchula mwachidule madera amene munkakhala anthu ochuluka.

Liyeseni buku musanaligule

Pali njira yachidule yoyesera buku muli chiimire m'sitolo kapena m'laibulale. Sankhani nkhani imodzi ya mzindawo imene mukuidziwa kale, ifuneni pa mlozera nkhani wa kumapeto, ndipo muwerenge masamba awiri kapena atatu amene akukamba za nkhaniyo. Ngati ndi buku la London, onani mmene lafotokozera moto waukulu wa mu 1666. Buku labwino silingoti moto unatentha mzinda, koma limanena kumene unayambira, chifukwa chimene unafalikira msanga pakati pa nyumba zamatabwa zothithikana, ndi chifukwa chimene misewu inamangidwanso motsata mizere yakale ngakhale katswiri wa zomangamanga Christopher Wren ndi ena anapereka mapulani atsopano. Buku la mbiri lopanda mlozera nkhani ndi lopanda mawu a m'munsi osonyeza kumene mfundo zachokera, ine sindilikhulupirira kwenikweni, ngakhale litakongola chotani.

Powerenga, yambani ndi buku limodzi lofotokoza mbiri yonse ya mzindawo kuyambira pachiyambi mpaka posachedwapa, kuti mukhale ndi msana womangirirapo zina zonse. Buku lotsogolera alendo libwere pambuyo pake. Ambiri amachita mosemphanitsa, ndipo zotsatira zake n'zakuti amadziwa kutalika kwa nsanja iliyonse koma sangathe kunena kuti inayamba kumangidwa ndi iti. Mabuku a kamangidwe ka nyumba, zokumbukira za anthu amene anakulira mumzindawo ndi mabuku a zithunzi zakale ndi omalizira.

Zoyenera kufunsa pa malo aliwonse otchuka

Apa ndi pamene kuwerenga kwenikweni kumachitikira. Buku likatchula nyumba kapena chipilala, funsani poyamba ngati chimene chaima lerocho ndi chomwe chija chinamangidwa pa deti lotchulidwalo. Mabuku otsogolera alendo amakonda kupereka deti lakale kwambiri, chifukwa ukale umakopa. Nyumba ya malamulo ya ku London imaoneka ngati ya zaka mazana ambirimbiri, koma yakale inapsa mu 1834, ndipo imene ilipo inamangidwa pambuyo pake motsata pulani ya Charles Barry. Chakale chenicheni pamalopo ndi holo ya Westminster Hall, imene inayamba kumangidwa mu 1097 ndipo inapulumuka motowo. Ku Warsaw, chigawo chotchedwa mzinda wakale chinagumulidwa ndi asilikali a ku Germany mu 1944, ndipo chinamangidwanso nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, omangawo akuyang'anira pa zithunzi, mapulani akale ndi zojambula za Bernardo Bellotto za m'zaka za m'ma 1700. Bungwe la UNESCO linaika chigawochi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1980, podziwa bwino kuti n'chomangidwanso. Ku Paris, nsanja yosongoka ya tchalitchi cha Notre-Dame imene inagwa pa moto wa mu Epulo 2019 sinali ya nthawi imene tchalitchicho chinamangidwa, koma ya m'zaka za m'ma 1800, ntchito ya katswiri wa zomangamanga Viollet-le-Duc, ndipo imene anthu akuona chitsegulireninso tchalitchicho mu Disembala 2024 ndi yatsopano yotengera imeneyo.

Berlin ndiye phunziro lalikulu pa nkhaniyi. Pamalo amodzi pakati pa mzindawo panali nyumba yachifumu, imene inawonongeka pa nkhondo ndipo boma la East Germany linaigwetsa mu 1950. Pamalo omwewo boma lija linamanga nyumba yake ya malamulo ndi zachikhalidwe, Palast der Republik, imene inatsegulidwa mu 1976. Dziko la Germany litagwirizananso, nyumba imeneyi inagwetsedwa pakati pa 2006 ndi 2008, ndipo panamangidwa nyumba yoonetsera zakale ya Humboldt Forum, yokhala ndi makoma akunja otengera nyumba yachifumu ija, imene inatsegulidwa kwa anthu mu 2021. Mabuku atatu olembedwa mu 1930, mu 1980 ndi mu 2022 adzakulongosolerani nyumba zitatu zosiyana pa malo amodzi, ndipo palibe limene likunama.

Funso lachiwiri n'lakuti panali chiyani pamalopo chisanabwere chimene chilipochi. Misewu ikuluikulu yowongoka ya Paris, imene mabuku amaitamanda, inadulidwa ndi Haussmann, mkulu wa boma woyang'anira Paris, pakati pa 1853 ndi 1870 molamulidwa ndi Napoleon III, ndipo nyumba zikwizikwi zinagwetsedwa, anthu osauka ambiri n'kukankhidwira kunja kwa pakati pa mzinda. Mexico City yakhala pamwamba pa Tenochtitlan, likulu la anthu a mtundu wa Aztec limene linagonjetsedwa mu 1521. Mu Febuluwale 1978, ogwira ntchito ku kampani ya magetsi akukumba pafupi ndi tchalitchi chachikulu anapeza mwala waukulu wosemedwa wa mulungu wamkazi Coyolxauhqui, ndipo kuchokera pamenepo ofukula zakale anavundukula kachisi wamkulu wa Templo Mayor. Buku lililonse la mzindawu lolembedwa chisanafike chaka chimenechi likusowa mutu wathunthu. Malikulu omangidwa mwadala nawo amakonda kufotokozedwa ngati anamera patchire popanda munthu, pamene dera la Abuja ku Nigeria linali kwawo kwa anthu a mtundu wa Gbagyi ndi ena, ndipo la Canberra ku Australia linali la anthu a mtundu wa Ngunnawal ndi oyandikana nawo. Buku likangokhala chete pa nkhani imeneyi, funani lina loti muliike pambali pake.

Lachitatu n'lakuti anagwira ntchitoyo ndani. Dzina la wojambula pulani silisowa. Brasília, likulu la Brazil, imatchulidwa limodzi ndi Lúcio Costa, Oscar Niemeyer ndi pulezidenti Juscelino Kubitschek, amene anautsegula mzindawo pa 21 Epulo 1960. Koma amene anaumanga pasanathe zaka zinayi anali antchito ochokera kumadera akutali, ambiri osauka, odziwika ndi dzina lakuti candangos, amene pulani yokongolayo sinawasungire malo, ndipo anakakhala m'matauni ozungulira monga Taguatinga. Lero anthu ambiri a chigawocho amakhala m'matauni oterewa, osati m'kati mwa pulani yotchukayo. Ku Washington, akapolo anagwira nawo ntchito yomanga nyumba ya malamulo ya Capitol ndi nyumba ya pulezidenti ya White House, ndipo kapolo wina dzina lake Philip Reid anathandiza kuumba chifanizo chamkuwa chimene chinaikidwa pamwamba pa Capitol mu 1863. Mabuku akale ambiri sankatchula zimenezi.

Nthawi zina mwala weniweniwo ndi umene umakupatsani funso loti mukalifunse m'buku. Chipilala cha Washington Monument, chotalika mamita 169, chimasintha maonekedwe a mwala pamtunda wa mamita pafupifupi 46. Chifukwa chake n'chakuti ntchito imene inayamba mu 1848 inaima mu 1854 ndalama zitatha komanso mikangano itabuka, nkhondo yapachiweniweni inadutsa chipilalacho chili chosatha, ndipo pamene anayambiranso mu 1879 anatenga mwala kumgodi wina mpaka kumaliza mu 1884.

Madeti akamasemphana

Mukaika mabuku awiri pamodzi mudzapeza kuti sakugwirizana pa chaka chimene mzinda unakhalira likulu. Musafulumire kuganiza kuti wina walakwitsa. Kusamutsa likulu kumatenga zaka, ndipo wolemba aliyense amasankha sitepe imene akuiona kuti ndi yofunika. Lamulo lokhazikitsa Washington linadutsa mu 1790, koma boma linasamuka ku Philadelphia mu 1800. New Delhi inalengezedwa mu 1911 n'kutsegulidwa mu 1931. Canberra inapatsidwa dzina mu 1913, koma nyumba ya malamulo inachoka ku Melbourne mu 1927. Abuja inasankhidwa mu 1976 ndipo inalowa m'malo mwa Lagos mu Disembala 1991. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, komabe aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Chothandiza n'kulemba mzere wanuwanu wa zaka papepala limodzi, ndipo pa deti lililonse muzilemba chimene chinachitika kwenikweni, kaya ndi chigamulo, kuika mwala wa maziko, kusamuka kwa maunduna kapena mwambo wotsegulira, komanso buku ndi tsamba limene mwazitengapo.

Mapu ndi kuyenda

Mbiri ya mzinda siwerengeka bwino popanda mapu pambali. Pezani awiri, a masiku ano ndi akale a nthawi imene buku likukamba, ndipo dzina la msewu kapena dera likatchulidwa muzilipeza pa onse awiri. Ntchitoyi imachedwetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndi mapu amene amaonetsa zimene mawu amabisa, monga njanji, mtsinje kapena malo osiyidwa dala opanda nyumba amene ankalekanitsa dera la olamulira ndi la olamulidwa. Malaibulale akuluakulu a mayiko ambiri ndi nyumba zosungira zolemba zakale za boma aika mapu, zithunzi ndi mabuku akale pa intaneti, ndipo Library of Congress ya ku America ndi Gallica ya laibulale yaikulu ya ku France ndi malo abwino oyambira. Posaka, gwiritsani ntchito mayina onse a mzindawo, lakale ndi latsopano, chifukwa zolemba za nthawi ya atsamunda zinasungidwa pansi pa dzina la nthawiyo.

Ngati muli ndi mwayi wokafika mumzindawo, buku lalikulu lija musanyamule. Koperani kapena jambulani masamba ochepa okhudza dera limodzi, muwerenge madzulo, ndipo m'mawa mwake muyende deralo wapansi muli ndi mapu akale m'manja. Werengani zikwangwani zimene zakhomedwa pa zipilala, koma muzisiyanitsa chaka cha chinthu chimene chikukumbukiridwa ndi chaka chimene chipilalacho chinaimikidwa, pakuti chachiwirichi chimakuuzani amene ankalamulira pa nthawiyo ndi zimene ankafuna kuti anthu azikumbukira. Nthawi yotsegulira ndi malamulo olowera m'nyumba za boma musadalire buku, ngakhale latsopano. Zimenezi zimasintha msanga, ndipo m'malikulu ambiri kujambula zithunzi pafupi ndi nyumba ya mtsogoleri wa dziko, malo a asilikali kapena maofesi a akazembe n'koletsedwa, choncho funsani kwa oyang'anira malowo musanatulutse kamera.