Mmene mungapezere mnzanu wogwira naye ntchito osadzakangana pa ndalama

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe, ndipo poyamba ndinkapanga zonse ndekha poopa kugawana kandalamako, mpaka Loweruka lina mkwatibwi akuvala ku Area 47, mkwati ali ku Kawale, onse akundiimbira kuti ajambuli muli kuti, ine ndili pa kabaza kamera pakhosi. Tsiku limenelo ndinavomera kuti mutu umodzi susenzadi denga. Ndiye kaya mumajambula, mumadizaina kapena mumapanga mawebusaiti, yesani chonchi.

Choyamba dziwani chomwe mukusowa. Simukusaka mnzanu wocheza naye ayi, mukusaka munthu wodziwa chomwe inu simutha. Ngati muli bho pa kamera koma kuedita kumakutengerani mwezi, pezani woedita, osati wojambula wachiwiri.

Kenako musakeni komwe ntchito ikuchitikira. Magulupu a WhatsApp ndi Facebook amathandiza, a zamakompyuta amadziwanso za mHub, malo omwe amakumanirana kuno ku Lilongwe, koma aliyense pa intaneti amaposta zabwino zake zokha. Ine ndimafunsa a DJ, a MC ndi amayi okongoletsa maholo, amenewo ndi amene amadziwa yemwe amafika mochedwa, yemwe amasowa nthawi ya perekaniperekani kukasaka mbale ya mpunga.

Mukamupeza musamupatse ukwati wonse. Yambani ndi kaganyu kakang'ono, kaya phwando la kubadwa kwa mwana, muone ngati amayankha foni komanso ngati tsiku lomwe walonjeza ndi lomwelo.

Tsopano nkhani ya ndalama, apa ndi pomwe maubale amathera. Ife timachita manyazi, timangoti "achimwene tiyeni tigwire kaye, zinazo tidzaona", zinazo ndi zomwe zimadzavuta. Kambiranani ntchito isanayambe ndipo mulemberane pa WhatsApp, osangoimbirana, kuti aliyense atenga zingati, thiransipoti alipira ndani, bandulo yotumizira mafayilo ndi ya ndani, ngakhale ya chotsera mukamutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa kameneko kamaoneka kochepa koma kamadandaulitsa. Kasitomala akapereka dipoziti mnzanuyo mugawireni pomwepo, asamve kwa anthu kuti bwana analipira kale.

Ngati ntchitoyo ndi ya kampani kapena bungwe, dziwani kuti amayamba adula msonkho wopita ku MRA asanakupatseni, amafunanso TPIN (nambala yanu ya msonkho) ndi invoisi, ndiye gawanani zomwe zalowadi mu akaunti osati zomwe zili pa koteshoni. Ine ndinapsa nazo, ndinalonjeza mnyamata wina theka la ndalama ya pa pepala, bungwelo linalipira patatha miyezi itatu litadula kale, ndinachita kuonjezera za mthumba mwanga iye akuganizabe kuti ndamudyera. Muuzeni mnzanu poyambirira kuti malipiro akhoza kuchedwa. Komanso koteshoni muziika tsiku lothera, mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anatchaja maukwati a Disembala pa mitengo yakale analira.

Chinanso gwirizanani kuti kasitomala ndi wa ndani. Amene wabweretsa ntchito ndiye aziyankhula ndi bwana, winayo asamagawe nambala yake kuseri kwa tenti. Koma nanunso mukamaposta zithunzi mutchuleni mnzanuyo, sizikuchotserani kanthu.

Mafayilo asagone pa memori kadi imodzi. Mukangoweruka koperani pa laputopu ziwiri usiku womwewo magetsi akadalipo, wina atenge zake kwawo.

Ntchito ikatha khalani pansi ngakhale pa chiwaya cha tchipisi, muuzane pomwe zinakhota. Ngati anakukhumudwitsani mulipireni zake zonse, ulendo wina osamuitananso basi, Lilongwe ndi yaing'ono mudzakumananso mu holo Loweruka likubwerali.